Nsanja Kapena Nsanje

Ulendo wa ku Lilongwe uja sunali wanga. Unali wa amuna anga, a Nyirenda, koma makuponi anawagwira mwendo. Chaka chimenecho feteleza wa sabuside anafika mochedwa kwathu ku Simlemba, ndipo munthu ukangochoka pamzere wa kudepoti, malo ako ankapita. A Nyirenda anali atapirira dzuwa masiku atatu, windo akuliona apo. Anabwera kunyumba kudzangosamba, n'kundiuza ali chiimire kuti, "NyaPhiri, upita ndiwe. Chithunzi chija akuchifuna lisanafike Loweruka."

Kwathu ku Lukwa ndine NaPhiri, koma kuno kumene ndinakwatiwa Chichewa chimayendera limodzi ndi Chitumbuka, ndiye dzina langa linapindika. Ilo ndinalizolowera. Chimene chinandikanika kuzolowera ndi chithunzicho.

A Nyirenda ndi mlimi wa fodya monga wina aliyense, kungoti msika ukatsekedwa amatenga maburashi awo n'kumakajambula makoma a magolosale: nkhuku, mabotolo a zakumwa, mitu ya anthu ometa. Mayi wina wa shopu yogulitsa zithunzi ndi ziboliboli ku Lilongwe anaona khoma lina pa Kasungu boma, anafunsafunsa mpaka anawapeza, n'kuwapempha kuti amujambulire nthano yakale pa bolodi. Iwo anasankha ya kwawo, ya mfumu imene inayang'ana kumwamba n'kulamula kuti aithyolere mwezi iuvale pakhosi ngati mphande. Anthu ake anadula mitengo, anamanga nsanja, pamwamba pa nsanjayo nsanja ina, mpaka okwera ankachita kunyamula kamba wa panjira. Mfumu ili pafupi kuugwira mwezi, chiswe chinali chitamaliza mizati ya pansi. Zonse zinabwerera kudothi, mfumu, anthu ndi mitengo yomwe.

Anajambula masabata asanu, atadzitsekera m'chigafa chathu cha fodya, pa bolodi lalikulu ngati theka la chitseko. Nazale ndinkathirira ndekha, makheni awiriawiri kuchokera kudambo, ndipo sindinadandaule. Tsiku limene anandiitana kuti ndidzaone, ndinaona thambo lalikulu lakuda bii, mwezi uli phee ngati sukudziwa kuti pansi pagwa maliro, mitengo ikuthyoka, anthu akuyoyoka ngati mango pamphepo. Mfumu ikugwa chamutu, dzanja likadali chitambasulire. Ndiye pambali pa mfumuyo, mkazi. Iye yekha mwezi ukumuwalira kumaso. Khosi lalitali la mizeremizere, kadontho kakuda pansi pa diso lakumanzere.

Kadontho kameneko m'dera lonse la Simlemba mwini wake ndi mmodzi, Towera NyaGondwe. Ameneyu ndi amene a Nyirenda ankafuna kukwatira ine ndisanabwere. Ng'ombe zinali zitakambidwa kale, koma kunatulukira mwini esiteti wina, amene anthu ankangomutchula kuti a Mabelo chifukwa cha kuchuluka kwa fodya amene ankatumiza ku okushoni, n'kumunyamula pa galimoto. Panali patadutsa zaka khumi ndi zinayi, ine nditawaberekera ana anayi, koma dzanja la amuna anga linali likukumbukirabe kuti kadontho kali mbali iti. Ndinangoti, "Chakongola." Iwo anakondwa. Amuna samva.

M'mawa wa ulendowo ndinachikulunga ndekha m'chiguduli cha mabelo, mwaukali, osalabadira kuti dzina la chithunzi limene analemba pakona dzulo lake lauma kapena ayi. Pawindo panali msomali wa folo inchi. Ndinautenga n'kuumangirira pamfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama ya thiransipoti. Sindinganame kuti ntchito yake sindinkaidziwa. Ndinkafuna Towera akafike ku Lilongwe wopanda nkhope, ine ndidzangonena kuti ndi ngozi za pamsewu.

Pamsika pathu galimoto ya matola inali imodzi, pikapu yoyera yolira ndi kukankha. Tinakwera dzuwa likutuluka kumene, koma tinanyamuka ana asukulu atatuluka buleki. Nthawi yonseyo dalaivala ankangoti, "Atsala awiri," ngakhale akwere anthu asanu, awiriwo osatha. Munali matumba a mtedza, njinga yothyoka foloko, mbuzi yomangidwa miyendo, ndi mkulu wa mpingo wina wa jekete labulauni amene ankapita kumsonkhano. Bolodi ndinaliimika pakati pa miyendo yanga, ine maso kutsogolo, kuopa nthambi za m'mbali mwa msewu.

Titayenda kamtunda ndinamva anthu akuseka. Mbuzi ija inali itadya chiguduli mwakachetechete, n'kutsegula bowo lalikulu ngati mbale. Ndipo pa bolodi lonse lija, mwa anthu onse aja, amene anasuzumira pabowopo anali Towera. Ngakhale mbuzi inamusankha.

"Mayi, mwanyamula ndani umu?" anafunsa mkulu wa mpingo uja.

Panalibe kuchitira mwina. Ndinatsegula mbali imodzi, ndipo anthu anasendera mpaka pikapu inapendekera. Mkuluyo anavala magalasi, anayang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kugwedeza mutu ngati wapeza ulaliki wa Lamulungu pamsewu.

"Uku ndiye kudzikuza," anatero. "Munthu akafuna kulowa m'bwalo la Chauta ndi makwerero, amabwerako chamutu. Taonani thamboli, silinagwedezeke n'komwe. Anthu onsewa alimbana ndi chinthu chimene sichikudziwa kuti pali ndewu."

Mayi wina wa nkhuku m'manja za ulalikizo analibe nazo ntchito. Anasendera pafupi, n'kufinya maso. "Kweni mwanakazi uyu ngwakutowa, kukongola kotani kumeneku! Komanso nkhope iyi si yachilendo iyi. Ndinaiona kuti kodi?"

Ndinavundikira msangamsanga, bowolo ndinalitseka ndi bondo. Mpaka pamsewu wa tala bondo langa linali pamphuno pa Towera, ndipo imeneyo ndi mbali yokhayo ya ulendowu imene inandikomera.

Pa Chatoloma minibasi sinachedwe kubwera, koma kondakitala atangoona bolodi anati nalonso lilipire mpando. Ndinamufunsa ngati bolodi limakhala pansi. Iye anati ngakhale lisakhale, malo likudya. Tinakangana mpaka anthu a m'katimo anatopa nafe, bambo wina wachikulire wa kumpando wakumbuyo n'kunena kuti, "Bweretsani kuno, tiliika pamaondo. Takhala tikusenza mabelo, bolodi lingatikanike?" Anali a Kamwendo, mlimi wa fodya wa ku Mphomwa, amene ankapita kukazonda mwana wawo mutauni. Mbali inayi kunakhala mayi wonenepa wogulitsa kaunjika, wopita kukaoda katundu. Tinakhala ngati anthu atatu odikira chakudya patebulo limodzi.

Pa Kasungu boma anatigulitsa. Dalaivala anaona kuti anthu obwerera kumpoto achuluka, ndiye anatitsitsa tonse n'kutipereka kwa mnzake ngati mbuzi za pamsika. Minibasi yachiwiriyo inali yopanda anthu, ndipo tinakhalamo maola awiri injini ikulira mwachinyengo, ikusendera kutsogolo pang'ono n'kubwereranso pamene inali. Kutentha kwa mwezi umenewo mukukudziwa, mvula ikamangoopseza osagwa. Mayi wa kaunjika anagula mazira owiritsa awiri ndi kachubu ka madzi ozizira, a Kamwendo anatulutsa chinangwa m'thumba la jekete n'kundigawirako. Dzanja langa linkangopita pamfundo ya chitenje, kukaona ngati msomali ulipo.

Titangotuluka m'tauni, palodibuloko, wapolisi anasuzumira pawindo n'kuona chiguduli. Chiguduli pa nthawi imene okushoni inatsekedwa kalekale chimadzutsa mafunso, ndiye anati tichitsitse. Ndinachimasula pamsewu pomwepo, anthu onse a m'minibasi makosi ali pawindo. Bwanayo anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anawerama n'kuwerenga pakona mokweza.

"Nsanje."

"Nsanja, bwana," ndinatero.

"Mayi, sukulu ndinapitako. Apa palembedwa nsanje."

Ndinawerama nanenso. Zoonadi, chilembo chomaliza chinali chitakhululuka. Penti anali asanaume pamene ndinkakulunga mwaukali muja, ndipo ulusi wa chiguduli unakoka mimba ya *a* n'kumusandutsa *e*. Amuna anga analemba nsanja, manja anga n'kukonza.

"Ndiye wansanjeyo ndi uti pamenepa?" anafunsa wapolisiyo akuseka, minibasi yonse n'kuseka naye. Ine ndinasekako ndi mano okha. Ndinkangoona ngati maso ake aboola chitenje n'kuona msomali.

Chiguduli chinali chitatheratu ntchito, ndiye chithunzi chinabwerera pamaondo pathu chili pamtunda. Tikudutsa pa Chinkhoma, a Kamwendo analoza mashedi a okushoni ndi chibwano, kenako anagogoda bolodi ndi chala.

"Abusa anganene zawo, koma awa ndife. Nsanja iyi ndi fodya. Chaka chilichonse timamanga, nazale, kuokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kudinda mabelo. Ukafika pamwamba penipeni, wogula amangodutsa osaima n'komwe, n'kulemba mtengo umene waufuna. Iwe uli pansi phi! Chaka chinacho wayambanso kudula mitengo."

"Nanga mweziwo?" anafunsa mnyamata wa kutsogolo.

"Chaka chino mwezi ndi kuponi. Tonse tikuiona, ili poyera, koma kwathu kuponi imodzi tagawana mabanja atatu. Aliyense wagwira kachidutswa ka mwezi."

Anthu anaseka, ena anayamba kufotokoza za m'midzi mwawo, za mayina osowa m'kaundula ndi za akufa amene amalandira makuponi. Mayi wa kaunjika yekha sanaseke. Anali atawerama, mphuno pafupi ndi khosi la Towera.

"Wojambula ameneyu ndi ndani wanu, asisi?"

"Achimwene anga," ndinanama.

"Ali pabanja?"

"Eya."

"Ndiye mukawauze alamu anuwo atsegule maso. Ine zovala ndimazidziwa, telala akasoka diresi la munthu amene amamukonda, umaonera pa mpendero. Taonani anthu enawa, nkhope zawo ndi timadontho chabe. Koma apa, aaa, apa anachedwapo. Mizere ya pakhosiyi sanaipeke ayi, anaiwerengapo ndi chala."

Ndikanakhala ndi khasu ndikanakumba pansi pa minibasi n'kulowa. Mtima unkandiwawa ngati munthu akuukanda ndi chitsononkho. Ndinaganiza za makheni aja, awiriawiri kuchokera kudambo, msana ukuthyoka, pamene bambo a ana anga ali pamthunzi m'chigafa akusalaza khosi la mkazi wa mwini. Nsanje ndinali nayo, ndipo sindichita manyazi kunena. Inali itandidzaza mpaka m'makutu.

Titawoloka Bua, tisanafike pa Madisi, tayala lakumbuyo linaphulika. Dalaivala anaimika bwinobwino, tonse n'kuthokoza Mulungu, koma kuthokozako kunatha atatulutsa sipeya, chifukwa nayo inali yopanda mpweya. Kondakitala anabwereka njinga kwa munthu wodutsa, anamangirira tayala pakaliyala n'kuuyamba wa ku Madisi, akulonjeza kuti abwera pompano. Pompano wa kondakitala tonse timamudziwa. Anthu anabalalika kufuna mithunzi. Ena anayala zitenje n'kugona, ena anapita kumudzi wapafupi kukapempha madzi, mnyamata wa kutsogolo uja anakwera lole ya makala n'kutisiya. Dzuwa linapendeka tili pomwepo.

Ine ndinanena kuti penti saona dzuwa, ndinanyamula bolodi n'kupita nalo kuseri kwa chulu, kumene kunali kamtengo. Ndinalitsamiritsa bwinobwino, ndinagwada, n'kumasula mfundo ya chitenje. Nsonga ya msomali inapeza kadontho kaja mosavuta.

Chigwadire choncho, kanali koyamba kuti ndichiyang'ane chithunzicho pafupi. Kunyumba kuja maso anga anangofikira pa Towera n'kukhazikika. Tsopano ndinaona kuti mfumu yogwa chamutu ija ili ndi wotchi padzanja. Mfumu ya m'nthano, wotchi? Ndinapendeketsa mutu kuti ndiione nkhope mowongoka. Chibwano chogawika pakati, mimba yotsogola, dazi lonyezimira. Anali a Mabelo enieni, amene panthawiyo esiteti yawo inali itagwa kale, mathirakitala atagulitsidwa, matenanti atathawa.

Ndinakhala pansi. Ndiye kuti masabata asanu aja amuna anga ankakweza anthu awiriwa kumwamba ndi manja awo, kuti awagwetse bwino. Wapolisi uja sanalakwitse kuwerenga. Komatu zimenezi sizinanditonthoze, zinangowonjezera moto. Munthu amene unamuiwala sumuvutikira kumugwetsa kuchokera kumwezi. Ndinagwiranso msomali, ndinakanikiza, ndipo nsonga inatsetsereka pang'ono kuchoka pa kadontho kutsika patsaya, n'kusiya kamzere koyera.

"Pepani mayi, sindinadziwe kuti kuno kuli munthu."

Anali a Kamwendo, akuchokera kothandiza thupi kuseri kwina kwa chulucho. Msomali anauona, sindikukayika. Ananjuta pambali panga, maondo akulira, n'kuvula chipewa.

"Muminibasi muja ndimaonera chammbali. Ndiloleni ndione bwino." Anayendetsa maso pabolodi lonse. "Mukudziwa, anthu onse akuthamangira kumwezi. Ife alimi a fodya tikalowa m'chigafa cha mnzathu sitiyang'ana kudenga. Timayamba taona patsinde pa mizati, chifukwa chigafa chimafera pansi. Taonani apa."

Chala chawo chinatsika mpaka pakona yakumanzere, pansi penipeni, pamene ine ndinkangoona mdima ndi fumbi. Panali kamunthu kakang'ono ngati chala chamkombaphala. Mkazi, atatifulatira. Anthu ena onse apansi ankathawa, manja kumutu, koma iye anali atatsamiritsa phewa pamzati umene unali ukuthyoka, ngati angauletse yekha. Pamapazi pake panali kachitini ka oyilo wakuda, ndipo mzatiwo unali wopakidwa mpaka theka.

"Pa anthu onsewa, amene anachiona chiswe ndi uyu yekha," anatero a Kamwendo. "Ndipo mayi wa kaunjika uja wanama. Pamene wojambulayu anachedwa ndi apa. Khosi lija ndi burashi yaikulu, kawiri katatu latha. Koma apa anachita kusongola kamtengo. Onani duku wamangira kukhutu lakumanzere. Onani chopakira chili kudzanja lamanzere. Onani zidendene, ming'alu yake munthu ukhoza kuiwerenga."

Chaka chilichonse mvula isanagwe ndimapita kuchigayo kukapempha oyilo wakutha ntchito, n'kudzapaka mizati ya chigafa chathu kuti chiswe chisalowe. Palibe amene anandituma, ndipo ndinkayesa kuti palibe amene amaona. Ndine wamanzere chibadwire. Duku ndimamangira kukhutu chifukwa kumbuyo dzanja silifika bwino.

A Kamwendo anayang'ana duku langa, anatsitsa maso mpaka pa mapatapata anga, n'kuvala chipewa chawo.

"Achimwene anuwo amakudziwani bwino," anatero akudzuka. Atayenda mapazi awiri anatembenuka. "Msomaliwo sungani. Yakwera mtengo masiku ano."

Musaganize kuti ndinasungunuka ngati shuga m'tiyi. Ndinakwiya kuposa poyamba. Mnzanga apatsidwe khosi ndi mwezi, ine ndipatsidwe msana ndi ming'alu, ndiye ndiombe m'manja? Ndinabisa mapazi pansi pa chitenje ngati pali wina akuwajambulanso. Koma maso anga ankangobwerera pa kamunthu kaja. Mng'alu waukulu wa chidendene chakumanja, umene umanditulutsa magazi mwezi wa Okutobala, unalipo, pamalo pake penipeni. Munthu ameneyu anauona liti? Ndinalira pang'ono, mwaukali, kenako ndinamanganso msomali pamfundo.

Kondakitala anabwera dzuwa litafiira, akutukwana pampu ya ku Madisi. Kuchokera pamenepo dalaivala anathamanga ngati akuthawa apongozi. Mponela tinangomuona mbuu, pa Lumbadzi tinatsitsa mayi wa kaunjika amene anandikumbutsanso za uthenga wa alamu anga, pa Kanengo fungo la fodya linatilonjera ngakhale msika unali wotseka. A Kamwendo anatsika osatsanzika zambiri, anangogogoda bolodi kawiri ngati akutsanzika mnzawo.

Shopu ndinaipeza akukoka zitseko. Mayi mwini wake, wamtali wa imvi zometa, anandilowetsa, anaimika bolodi pampando n'kubwerera m'mbuyo. Analiyang'ana nthawi yaitali mpaka ndinayamba kukonza bodza la ngozi ya pamsewu. Kenako anasendera, chala chake n'kuima pafupi ndi kamzere kanga kaja.

"Msozi uwu," anatero motsitsa mawu. "Umodzi wokha, woyera, wochokera pa kadontho. Amuna anu ali ndi dzanja, mayi. Chithunzi chonsechi chagona pamenepa."

Ndinatsala pang'ono kukomoka. Ulendo wonse uja, msomali wonse uja, ine n'kumuwonjezera Towera kukongola! Ndinangoti, "Zikomo, ndikawauza."

Anatenga kakhadi ndi cholembera kuti alembe dzina la chithunzi, anawerama pakona, n'kukwinya nkhope. "Apa ndi nsanja kapena nsanje?"

Ndinayang'ana mfumu ya wotchi ija, ndinayang'ana thambo, ndinakumbukira bondo langa pamphuno pa Towera.

"Lembani nsanje," ndinatero. "Mfumuyi sinkasowa kuwala, mwezi unkaiwalira bwinobwino ili pakhonde pake. Chinaipweteka ndi kuona thambo litavala chinthu chimene iyo ilibe. Nsanjayo inangobwera pambuyo."

Mayiyo anandiyang'ana, n'kufunsa ngati nanenso ndimajambula. Ndinati ayi, ine ndimangopaka mizati.

Ndinagona kwa msuweni wanga, m'mawa mwake n'kuuyamba wobwerera. Popanda bolodi msewu unafupika, ndipo dzuwa lisanalowe ndinali ndikutsika pikapu yoyera ija. A Nyirenda ndinawapeza m'chigafa atakhalira thumba la feteleza ngati mfumu pampando, nkhope itapsa ndi dzuwa la pamzere. Ndinawapatsa envelopu ya ndalama yochokera kwa mayi uja, ndinawauza kuti chithunzi chafika, chakondedwa, ndipo dzina lake tsopano ndi Nsanje.

"Nsanje? Ine ndinalemba nsanja."

"Chinasintha panjira."

Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Ana anali kudambo, ndiye ndinakhala pa mtondo wogubuduzika n'kutulutsa zonse.

"Towera mwamupatsa khosi ndi mwezi. Ine mwandipatsa msana ndi ming'alu. Ndinakulakwirani chiyani, bambo a Tiyamike?"

Anakanda kumutu nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti akana, anene kuti nkhopeyo anangoipeka. Sanakane.

"Ndiye unadziona," anatero. "NyaPhiri, Towera ndamugulitsa. Akakhala pakhoma la munthu amene sindimudziwa, aliyense wolowa azimuyang'ana mmene akufunira. Nkhope yako yayi. Imeneyo situluka pakhomo pano."

"Nanga a Mabelo munawagwetseranji chamutu?"

Apa anaseka, kuseka kwa munthu wogwidwa ndi nkhuku m'jekete. "Ameneyo ndiye ndinamugwetsadi. Kawiri. Koyamba sanagwe bwino, ndinafufuta n'kuyambiranso."

Ndinafuna kuti ndisaseke, koma zinandikanika. Tinaseka tonse awiri m'chigafamo, anthu ansanje awiri odalira thumba limodzi la feteleza. Za nkhope yosatuluka pakhomo zija ndinawakhulupirira theka. Theka linalo ndikadali nalo, ndipo limadzuka ndikamva kuti kumudzi kwa a Gondwe kwabwera alendo.

Msomali uja ndinaukhomera pamzati wapakati, ndipo ndi pamene ndimakoleka kachitini ka oyilo. A Nyirenda amakolekapo chipewa chawo akamasankha fodya. Mpaka lero sindinawauze kuti msomaliwo unakafika ku Lilongwe, ndipo iwo sanandiuze kuti zinatheka bwanji, patapita zaka khumi ndi zinayi, kadontho kaja kukaika mbali yoyenera.